Aise, usanayatse live imeneyo, mafayilo ako ali ndi ndani?

Aise, ndawerenga post yako mtima wanga wabwerera ku 2023 pompopompo, moti nsima ndaisiya kaye. Ukuti ma single atatu, live Lachisanu lililonse, timavidiyo tolawitsa pa status, kenako chimbale mu December. Pulani imeneyi ndi yomwe ndinali nayo ine, ndinachita kuilemba ndi bolopeni yofiira pa kalendala ya kukhoma. Anzathu m'makomenti muno akukuuza za ma hashtag ndi nthawi yabwino yoposita, zili bho, koma palibe wakufunsa kuti nyimbo zako 14 zija zili m'manja mwa anthu angati panopa. Tawerenga. Pulodyusa, kamnyamata komuthandiza mu situdiyo, amene unamupatsa vesi, wojambula vidiyo, chibwenzi chako. Zala zikadutsa zitatu, dziwa kuti chidebe chako chikudontha kale.

Changa chinali cha nyimbo 12. Zaka ziwiri ndikujambula m'kasitudiyo ka kuseri kwa nyumba ku Chirimba, kamene khoma lake anamata timatireyi ta mazira kuti mawu asamabwerere. Ndalama ndimaipeza pokonza mafoni mu Limbe, ndiye nyimbo iliyonse ndinkaiwerengera m'masikirini amene ndasintha. Single yoyamba inatuluka mu August, wayilesi ziwiri zinaiwombako kangapo. Yachiwiri mu September, ndi vidiyo yomwe tinajambulira m'mbali mwa njanji ku Makata. Yachitatu mu October. Chimbale ndinachiyika pa 24 November, Lachisanu, poti nyimbo zatsopano dziko lonse zimatuluka Lachisanu. Zonse zinkayenda ngati mmene ndinalembera.

Ndiye panali mkulu wina amene anadzipatsa yekha udindo wa manejala. Sindimutchula, ena mwa inu mumamwa naye. Tinakulira limodzi, mpira wachikulunga tamenyera limodzi, pa maliro a mayi anga anagona panja ndi ife masiku onse. Uyu ndiye anabwera n'kunena kuti amwene, ma DJ safuna kuuzidwa nyimbo yoti awombe, apatseni chimbale chonse asankhe okha, ine ndikawazungulira. Ndinamupatsa fulashi, ndi manja angawa. Ndipo sizinali zomalizidwa, zinali zija pulodyusa amakupatsa kuti uzikamvera kunyumba, chifukwa zenizenizo anazigwira kaye mpaka nditamaliza ngongole yake.

Mukukumbukira nonse zimene zinachitika kumayambiriro kwa November chaka chimenecho. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika K1,700, petulo n'kufika K2,530 pa lita. Aliyense amene ndinali naye ngongole anadzuka ndi mtengo watsopano. Pulodyusa akuti yotsala ija yakwera, wosindikiza ma poster naye akuti pepala lakwera, manejala wanga uja akuti ndimupatse ya thiransipoti yozungulira ma DJ. Ndinamuuza kuti adikire launch ithe. Anangoti sharp. Sharp imeneyo ndimaimvabe mpaka lero.

Pa 17 November, kutatsala sabata imodzi, ndinakonza live yaikulu yoti ndiwonetse chikuto cha chimbale ndi mndandanda wa nyimbo. Tinachitira kwa msuweni wanga ku Zingwangwa chifukwa pabalaza pake pali khoma loyera. Getsi lozungulira lija lobwereka, jenereta yobwereka kuopa magetsi, malita awiri a petulo pa mtengo watsopanowo, foni yoyimika pa njerwa ziwiri pamwamba pa tebulo, bandulo yogula madzulo omwewo. Ndinavala jekete yachikopa, mu November, kutentha konse kuja, thukuta likuyenda kumsana ngati ndanyamula thumba la simenti. Ndinayamba 7 koloko. Owonera 40, kenako 80, zomwe zinali zanthawi zonse. Mwadzidzidzi nambala inayamba kuthamanga, 150, 200, mpaka kudutsa 300. Msuweni akundikodola kuseri kwa foni, ine mumtima ndikuti basi, ndaphulika, ulendo wa ku Lilongwe ndi uwu. Ndinayamba kupatsa moni anthu m'maina, ndikuseka ngati chitsiru.

Kenako ndinaona komenti. Munthu wosamudziwa walemba mizere iwiri ya vesi yachiwiri ya nyimbo ya nambala 7. Nyimbo imene sindinaitulutse, sindinaiyimbepo paliponse, ngakhale dzina lake ndinali ndisanalitchule. Ndinaganiza kuti mwina ndi wa ku situdiyo akuchita zibwana. Wina analemba mzere wotsatira. Wina n'kuyika tizithunzi toseka kuti biggy mwachedwa, tili nacho kale. Wina akuti nambala 4 biti yake ndi yofooka muichotse. Anthu akukambirana chimbale changa m'makomenti, ine ndili pamenepo ndanyamula pepala la mndandanda ngati ndabweretsa chinsinsi.

Nambala 7 inali ya mayi anga. Ndinaijambula kamodzi kokha, usiku, ndipo kumapeto kwa vesi yachiwiri mawu anandithera, ndinalira m'kachipinda ka maiki muja. Pa fayilo yosakonza ija zonsezo zimamveka. Ndimamveka ndikufwenthera, mpando ukukhuluzika, kenako ine ndikuuza pulodyusa kuti "dula pamenepo". Zimenezo zinali zoti zichotsedwe. Ndipo ndinali nditalumbira kuti woyamba kuimva akhala achemwali anga, ndikhala nawo pansi awiriwiri. Live ili m'kati, foni yomweyo yojambulira inayamba kuitana, chithunzi n'kuima. Achemwali. Ndinadula. Anayimbanso. Ndinadulanso. Kachitatu ndinayankha, live n'kufera pomwepo. Anali atangotsika minibasi ya ku Bangwe. Akuti kondakitala amaibwereza kuchokera mu Limbe, anthu akuti kamnyamataka kakulira zenizeni kapena n'zadala? Iwo anazindikira mawu anga, anazindikira dzina la mudzi wa mayi, n'kuyamba kulira pampando wakumbuyo anthu akuwayang'ana. Anangondifunsa kuti, "Ndiye nkhani ya amayi mpaka ndiimvere m'minibasi?" Sindinayankhe. Jenereta inkangolira panja, petulo akupsa chabe.

Mawa lake ndinazungulira kwa anyamata obena nyimbo mu Limbe. Wachitatu yemwe ndinamufunsa anatsegula foda pa kompyuta yake, dzina langa analilemba molakwika, nyimbo zonse 12 zili momwemo ndi maina a mafayilo a ku situdiyo, mpaka ina yolembedwa "final 2". Anandifunsa ngati ndikufuna andiyikire pa memori. Ine mwini wake! Atandifotokozera maonekedwe a amene anabweretsa fulashi sindinafunenso kufunsa zambiri. Mkulu uja poyamba anakana, analumbira pali manda a agogo ake, n'kunamizira kamnyamata ka ku situdiyo mpaka ndinatsala pang'ono kukachita nako ndewu. Nditamupanikiza ndiye akuti amwene ine ndimakuphushirani, nanga ya thiransipoti ija mukanandipatsa? Zaka ziwiri za moyo wanga anazigulitsa pa mtengo wa kanyenya ndi mabotolo angapo. Chimene chimandiwawa n'choti mpaka lero amauza anthu kuti anandipanga ndi iyeyo. Ndipo tikakumana pa maliro amandipatsa moni wa manja awiri.

Pa 24 chimbale chinatuluka ndithu, chokonzedwa bwino, pa Spotify, Audiomack ndi Boomplay. Ndalama ya kampani yoyika nyimbo m'malo amenewa imafuna madola, ndinachita kupempha mlamu wanga wa ku Johannesburg kuti alipire ndi khadi lake. Omvera anali ochepa moti sinditchula nambala pagulu pano. Angagulirenji bandulo kumvera chinthu chimene chili kale m'foni?

Ndiye mvera, mphwanga. Chimbale chonse chisatuluke pa kompyuta ya pulodyusa kupita kwa wina aliyense, kaya ndi mbale wako wa bere limodzi. Wofuna kumva abwere, umuveke mahedifoni, amve, azipita. Wojambula vidiyo mupatse nyimbo imodzi yokhayo imene akujambula. DJ mupatse single yomalizidwa, basi. Pulodyusa umulipire yonse usanalengeze tsiku, mugwirizane polemba za biti iliyonse kuti ndi yako kapena wangobwereka, chifukwa biti yomweyo ukhoza kukaimva kwa mnyamata wina wa ku Area 25 sabata ya launch yako. Pita ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, ukalembetse nyimbo zako zisanatuluke, kuti wayilesi zikamawomba dzina lolembedwa likhale lako. Ku Spotify, ngati uli ndi akaunti ya oyimba ija, nyimbo imodzi uitumize kwa osankha ma playlist kutatsala masiku osachepera 7 kuti ituluke, ine ndinadziwa zimenezi mochedwa. Tsiku usalilengeze kutatsala miyezi itatu ngati ndinachitira ine, anthu amatopa nawe ndipo akuba amapeza nthawi. Masabata atatu akwana.

Za live Lachisanu lililonsezo, ine ndikuti siya. Ukumaliza bandulo yako ndi ya anthu ako, ndipo pofika yachinayi udzakhala ukucheza ndi azisuweni okhaokha. Chabwino, panga ziwiri. Yaifupi, mphindi 20, ulavule mavesi pa biti osati kumangolankhula. Foni yojambulira ikhale yopanda SIM yako, uilumikize ku foni ina, munthu wina azikuwerengera makomenti iwe usamawaone. Ukamaliza uitsitse vidiyoyo nthawi yomweyo n'kuidula tizidutswa ta status ndi TikTok, paja Facebook masiku ano imafufuta ma live pakatha masiku 30. Tizidutswato n'timene timayenda, osati live yeniyeniyo. Ndipo polawitsa usamaike kolasi yonse, ika mizere inayi yoluma, udule pamene munthu akufuna yachisanu.

Koma ndinene chilungamo, ngakhale chikundinyansa. Pa launch, m'kaholo kakang'ono kamene ndinakwanitsa, anthu anabwera kuposa mipando. Ma single anga atatu aja, amene ndinawonongera ndalama za vidiyo ndi ma poster, anangogwedezera mitu. Itafika nambala 7 holo yonse inayimba mawu onse, ndipo nditafika pothera vesi yachiwiri anakuwa pamodzi kuti "dula pamenepo!" Ndinaima ndi maiki m'manja osadziwa kuti ndiseke kapena nditukwane. Mashoo onse amene ndinaitanidwa chaka chotsatira, ku Zomba, ku Mulanje, kamodzi ku Lilongwe, anandiitanira nyimbo imeneyo, imene ine sindikanaisankha n'komwe kukhala single. Spotify inafika kuno mu 2021 koma anthu athu ambiri nyimbo amaimvera pa memori, pa WhatsApp, m'minibasi ndi pa sipika ya wakabaza. Ndiye anyamata obena aja usawathawe. Sankha nyimbo imodzi, imene ukuiopa kwambiri kuti anthu aimve, yomalizidwa bwino, dzina lako lolembedwa molondola, upite nayo wekha mu Limbe, ku Ndirande, pa depoti ya Wenela, uwapatse ulere, uwagulirenso Fanta. Makondakitala awiri atatu uwatumizire pa foni. Kungoti upite wekha, osatuma munthu.

Ndipo ngati m'chimbalemo muli nyimbo yokhudza wachibale, kamuyimbire lero lomwe. Achemwali anga anabwera ku launch, anakhala kumbuyo, nambala 7 itayamba anatuluka panja. Mpaka pano sitinakambiranepo za nyimbo imeneyo.

Tandiuza kaye, pulodyusa wako unamaliza kumulipira? Ndipo fulashi ija ndinaiona m'manja mwa mnzako wa kapu yofiira pa chithunzi unaposita sabata yatha, muli chiyani?