Kupita ku Mbeya pa galimoto yanu: yambani ndi dzina lili pa blue book

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Katoto konkuno ku Mzuzu. Ndaifupikitsa, koma nkhani yake ndi iyi: "Mwezi wamawa mng'ono wanga akukwatiwa ku Mbeya. Tikufuna kupita pa Sienta yathu, ine, bambo a kunyumba, ana awiri ndi apongozi. Galimotoyi tinagula kwa alamu anga chaka chatha koma umwini sitinasinthe. Kodi pa Songwe akatifunsa chiyani? Anzathu akuti ndi pasipoti ndi layisensi basi, zinazo amakonza ndi anyamata a pa boda."

Mayi, zikomo pondilembera, ndipo mwachita bwino kufunsa masiku akadalipo. Ndikuganiza kuti anzanuwo amawoloka pa basi kapena wapansi pokapikula katundu ku Taifa, n'chifukwa chake akuona ngati n'zophweka. Munthu amawoloka ndi pasipoti, koma galimoto nayo ili ndi mapepala akeake, ndipo pa chipata imafunsidwa zambiri kuposa mwini wake. Kwa anthu a kasitomu, Sienta yanuyo ndi katundu wa mamiliyoni amene akutuluka m'dziko lino kulowa dziko lina. A MRA amafuna kutsimikiza kuti ibwerako. Anzawo a TRA, otolera msonkho a ku Tanzania kutsidyako, amafuna kutsimikiza kuti simukaigulitsa kwawo mozemba msonkho. Apolisi a mbali zonse amafuna kudziwa kuti si yakuba. Pepala lililonse limene ndikuuzeni pano likuyankha limodzi mwa mafunso amenewa.

Mawu amene andiimitsa m'kalata yanu ndi akuti umwini simunasinthe. Izi zili pafupifupi m'banja lililonse: tapatsana ndalama, tagwirana chanza, makiyi ndi awa, blue book n'kuiponya m'kabati. Pakati pa Katoto ndi Luwinga palibe amene angakuvuteni nazo. Koma pa windo la kasitomu, mwini galimoto ndi amene dzina lake lili pa blue book, osati amene wagwira chiwongolero. Mukakanena kuti "ndi alamu anga" akakumverani mwaulemu, koma chibale sichilembedwa pa fomu.

Njira zilipo ziwiri. Yachidule ndi kalata yochokera kwa alamu anuwo yokulolani kutuluka ndi galimotoyo m'dziko. Ikhale ndi dzina la amene aziyendetsa monga lalembedwera mu pasipoti, nambala ya galimoto, ya chassis ndi ya injini, dziko limene mukupita, tsiku lonyamuka ndi lobwerera. Aisaine pamaso pa loya kapena majisitireti, idindidwe, ndipo muphatikize fotokope ya chitupa chawo cha unzika. Ngati nonse awiri, inu ndi bambo, muzisinthana pa chiwongolero, mayina onse alowe. Galimoto ya ngongole ya ku banki kapena ya kuntchito imayendanso chimodzimodzi, kungoti kalatayo imachokera ku banki kapena kwa abwana.

Koma mukandifunsa ine, ndinena kuti mwezi ulipowu pitani ku Road Traffic ndi alamu anuwo mukasinthiretu umwini. Pitani nonse, wogula ndi wogulitsa, chifukwa masiku ano zimadzera pa zidindo za zala. Ndikudziwa kuti mzere wake ndi wotopetsa ndipo netiweki imatha kukugonetsani tsiku lonse pa benchi. Komabe taganizani: Mulungu aletse, mwagunda njinga yamoto ku Tukuyu, wapolisi akulankhula Chiswahili, blue book ili ndi dzina lina, inshulansi dzina lina, layisensi dzina lina. Nkhani imene ikanatha madzulo omwewo imatenga masiku. Ndiponso, poti tikukamba zoona, galimoto yokhala m'dzina la wachibale yakhala ikuyambanitsa mabanja ambiri pakagwa zovuta. Ulendo wa ukwatiwu ukhale chifukwa chokonzera zimenezi.

Mukatero pitani ku polisi mukatenge kalata yotsimikiza kuti galimotoyo si yakuba, imene ambiri amangoti ya Interpol. Amafuna kuiona galimotoyo ndi maso, amawerenga manambala a chassis ndi injini n'kufananitsa ndi za pa blue book. Apa ndi pamene ambiri amadzidzimuka, makamaka ngati injini inasinthidwapo ku galaja koma ku Road Traffic sikunakalembedwe. Musanapite, tsegulani boneti nokha muwerenge nambala imodziimodzi. Kusiyana kwa chilembo chimodzi kuli bwino kukupezereni kuno kusiyana ndi pa mlatho wa Songwe. COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndi layisensi onetsetsani kuti sizikuthera muli kunja.

Inshulansi yanu ya kuno imathera pa mtsinje. Kutsidya mufunika COMESA Yellow Card, imene imalipira munthu amene mwamuvulaza kapena kumuwonongera katundu muli m'dziko la eni. Ena amadabwa poti Tanzania inatuluka mu COMESA mu 2000, koma pa ndondomeko ya Yellow Card idakalimo ndipo khadiyi imagwira ntchito kumeneko. Ikaguleni ku kampani imene muli nayo inshulansi, konkuno m'tauni, muwauze dziko ndi masiku. Musaisokoneze ndi kabuku kachikasu ka katemera wa yellow fever, kamene ndi ka munthu osati ka galimoto. Ngati muli nako, katengeni, pakuti a zaumoyo pa chipata amatha kukafunsa.

Za anthu n'zachidule. Aliyense akhale ndi pasipoti yakeyake, ngakhale kamwana, ndipo ikhale yoti yatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo isanathe. Amalawi sitifunika viza pokacheza ku Tanzania. M'galimoto musasowe matrayango awiri, chozimitsira moto chosatha ntchito, tayala la sipeya lopopa bwino, jeke ndi sipanala yake. Pepala lililonse lichiteni fotokope kawiri, enieniwo akhale m'envulopu imodzi m'manja mwa munthu mmodzi.

Kuchoka pa Mzuzu kukafika ku Karonga ndi makilomita pafupifupi 220, ndipo kuchoka apo kukafika pa Songwe ndi ena 45. Nyamukani m'bandakucha, thanki yodzaza kuyambira dzulo lake, chifukwa kudalira kuti mukathira patsogolo ndi mmene mafuta amavutira nthawi zina n'kudziika pa mpanipani. Mukadutsa Ekwendeni ndi Phwezi, konzekerani Chiweta. Potsika gwiritsani giya yaing'ono, musakhalire buleki, pakuti Sienta yonyamula anthu asanu ndi mphatso za ukwati imalemera, ndipo m'makona amenewo mumakumana ndi mathanka a mafuta ochokera ku Dar es Salaam ndi malole a malasha. Nyanja ikaonekera pansipo ana adzafuna muime. Dikirani mufike ku Chitimba. Kumbukiraninso kuti Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi. Mukafika pa Songwe 11 koloko, ku Kasumulu yakwana kale 12, ndipo ndikufuna mukakwere mapiri a Tukuyu dzuwa lisanalowe.

Pa chipata penipenipo, musanazimitse n'komwe injini mudzazunguliridwa ndi anyamata, ena osintha ndalama, ena madobadoba olonjeza kuti zonse zitha m'mphindi khumi. Sindikuwanyoza, nawonso akusaka ya ndiwo, ndipo maejenti enieni a kasitomu alipo amene amathandiza a malole. Koma galimoto ya banja sifuna ejenti. Ulendo wanga woyamba ndinapereka envulopu yonse kwa mnyamata wina wolankhula bwino kwambiri. Anasowa nayo pafupifupi maola awiri, ine ndili chilili padzuwa la ku Karonga lija, mtima uli phaphapha poti blue book ndi pasipoti zonse zinali kwa munthu amene ngakhale dzina lake sindinalidziwe. Atabwera ananditchaja ndalama yoposa kawiri zimene zinalembedwa pa malisiti. Kuyambira pamenepo mapepala anga sachoka m'manja mwanga kupatula pa windo.

Ndondomeko yake si yovuta. Mbali ya kwathu, nonse mutsike mukadinditse mapasipoti ku Immigration, apongozi ndi ana omwe, kenako woyendetsa apite kwa a MRA ndi mapepala a galimoto kuti alembe kuti ikutuluka mongoyembekezera. Mukawoloka mlatho, ku Kasumulu muyambanso ndi mapasipoti, ndiye kwa a TRA kumene amakupatsani chilolezo choti galimoto ilowe kwa masiku owerengeka, chimene amachitcha TIP. Akafunsa masiku, onjezerani angapo pamwamba pa amene mwakonza. Ukwati suthera tsiku la ukwati, pamakhala kutsanzikana, mwina galimoto kuvuta, ndipo TIP ikakutherani muli mkati pamakhala chindapusa. Musanachoke pa windo werengani nambala ya galimoto, chassis ndi tsiku lothera. Palinso malipiro a msewu a galimoto yakunja. Ku Tanzania malipiro a boma amadzera pa nambala imene amaitcha control number, mumalipira ku banki kapena pa foni n'kulandira lisiti. Wina akakuuzani kuti mumupatse m'manja akakulipirirani, kanani mwaulemu. Mitengo yake imasinthasintha, choncho sabata yonyamukayo dutsani ku ofesi ya MRA kuno ku Mzuzu kapena funsani dalaivala amene wawoloka posachedwa, kuti mudziwe zoti mukonze. Mashilingi ochepa oyambira sinthani ku banki kapena ku bureau. Mukakakamizika kusintha kwa anyamata, werengani nokha kawiri musanatulutse makwacha anu.

Kutsidyako amayendanso kumanzere ngati kuno, ndiye pamenepo palibe chachilendo. Chachilendo ndi liwiro. Mukangoona chikwangwani cha 50 polowa m'mudzi, tsikani mufike pa 50 yeniyeni ndipo musakwere mpaka mutaona chikwangwani chomasula. Apolisi a pamsewu, ovala zoyera, amakhala ndi kamera imene eni ake amaitcha tochi, ndipo kwa zaka zambiri chindapusa chakhala mashilingi 30,000 pa mlandu umodzi. Midzi ya pakati pa Kasumulu, Tukuyu ndi Uyole ndi yoyandikana kwambiri, moti mtunda wa makilomita opitirira pang'ono 100 umadya nthawi kuposa mmene mungaganizire. Musadandaule nazo, msewu wake ndi wokongola, minda ya tiyi ndi nthochi mbali zonse, kuzizira kwake ngati kwa kuno mu June. Pa Uyole mukhotere kumanzere kulowa mu Mbeya. Kumanja ndi kwa Dar es Salaam. Akakuimitsani, yambani ndi moni. "Habari" ndi "asante" zimafewetsa nkhope, ndipo ana aphunzitseni "shikamoo" ya akuluakulu, akaigwiritsanso ntchito ku ukwati.

Pobwerera musangodinditsa mapasipoti n'kuthamangira kwanu. TIP ija ibwezeni kwa a TRA kuti atseke, apo ayi m'makompyuta mwawo galimoto yanu idzaoneka ngati idakali ku Tanzania, ndipo mudzazimva tsiku limene mudzafune kuwolokanso. Kwa a MRA nakonso alembe kuti yalowa. Ndikudziwa kuti zitenje ndi mapoto a ku Mbeya simungazisiye, ndiye malisiti ake sungani pamodzi ndipo katunduyo muonetse poyera akakufunsani. Mmera wa nthochi kapena mbewu iliyonse imene achibale atsopanowo angakupatseni, isiyeni komweko. Zomera siziwoloka popanda chilolezo cha a zaulimi.