Kulumikiza matebulo awiri mu SQL

Achimwene, mwafunsa mmene mungalumikizire tebulo la makasitomala ndi la maoda mu SQL, chinenero chofunsira zinthu mu database. Pangani JOIN basi, lamulo lolumikiza matebulo, musavutike ndi kukopera zinthu mu Excel. Poti tebulo lanu la makasitomala lili ndi id (nambala yapadera ya kasitomala aliyense) ndipo la maoda lili ndi kasitomala_id, lembani chonchi:

SELECT k.dzina, o.ndalama FROM makasitomala k JOIN maoda o ON o.kasitomala_id = k.id;

Apa k akuimira makasitomala ndipo o akuimira maoda. Imeneyi ndi INNER JOIN, imangotulutsa okhawo amene anagulapo kanthu. Ngati mukufunanso aja analembetsa koma sanagulepo olo kamodzi ikani LEFT JOIN m'malo mwa JOIN, iwowo adzatuluka ndi NULL (kutanthauza kuti palibe kanthu) pa ndalama. Koma apa mpamene ambiri timagwa, mukaika WHERE o.ndalama > 0 pa LEFT JOIN a NULL aja amasowanso, ndiye zoterozo muziike mu ON.

Ine ndinapsa nazo chaka chatha ndikukonza kadatabase ka MySQL ka shopu ya amalume ku Mbare, ndinalumikiza pa dzina m'malo mwa id. Kunali a Banda atatu, paja a Banda ndi a Phiri tadzaza Harare yonse, ndiye ngongole ya mmodzi inapita kwa onse atatu, amalume anandikalipira zedi. Lumikizani pa id, osati dzina. Musadabwenso kasitomala mmodzi akatuluka kanayi, ndiye kuti ali ndi maoda anayi, mukafuna totala pangani SUM(o.ndalama) ndi GROUP BY k.id, k.dzina.

Koma ngati ndi database yakuntchito yamalipiro a anthu ndipo mukufuna UPDATE kapena DELETE (kusintha kapena kufufuta zolembedwa) yokhala ndi JOIN, yambani mwapanga backup (kope losunga padera), muitanenso katswiri wa ma database aone kaye musanadine.