Funsani Odziwa: Kukwera phiri la Lion's Head ku Cape Town

Funso: Ndimagwira ntchito ku Sea Point ndipo phiri la Lion's Head ndimaliona tsiku ndi tsiku. Anzanga akuti ndi lalifupi, munthu amakwera n'kutsika njala isanamugwire. Ndili ndi zaka 44 ndipo sindinakwerepo phiri. Kodi ndingathe? Ndinyamule chiyani?
Mayi wa ku Cape Town

Yankho: Mungathe mayi, koma kufupikako kusakunamizeni. Nsonga ya phirili ili pa mamita 669 kuchokera pamene pali nyanja. Njira imayambira pa msewu wa Signal Hill, ndipo kupita ndi kubwerera ndi makilomita pafupifupi 5. Pa kamtunda kameneka mumakwera mamita oposa 300, n'chifukwa chake mawondo amadandaula. Wosazolowera apatule maola atatu. Basi ya MyCiTi yopita ku Camps Bay ikutsitsani pa Kloof Nek, ndipo kuchokera pamenepo mumayenda pang'ono kukafika poyambira. Phirili lili m'manja mwa SANParks, bungwe la boma la South Africa loyang'anira malo osungirako zachilengedwe, ndipo polowera salipiritsa.

Poyamba njira ndi yotakata ngati msewu wafumbi koma ndi chitunda chenicheni. Ambiri amathera mpweya pomwepa chifukwa chothamanga. Yendani pa liwiro loti mukhoza kucheza ndi mnzanu osapuma wefuwefu. Kenako njira imazungulira phirilo, ndipo zimene mukuona zimasinthasintha: gombe la Camps Bay ndi mapiri a Twelve Apostles, mchenga woyera wa Clifton, kwanu ku Sea Point, ndipo patali m'nyanja chilumba cha Robben, kumene Nelson Mandela anakhala zaka 18 ali m'ndende.

Chakumtunda njira imapanikiza n'kukhala ya matanthwe. Mudzakwera makwerero achitsulo, kenako njira imagawikana. Ina imalunjika pathanthwe pamene anakhomapo matcheni ndi zitsulo zopondapo. Ina ndi yolambalala, yotalikirapo pang'ono. Pa ulendo woyamba tsatani yolambalalayo, palibe chamanyazi. Ngati mwasankha ya matcheni, kwerani mmodzimmodzi, chifukwa wachiwiri akakoka tcheni, imagwedezeka m'manja mwa woyamba. Sunthani dzanja limodzi kapena phazi limodzi pa nthawi, zitatu zinazo zili zogwira. Foni ikhale m'thumba, botolo m'chikwama chakumsana, manja onse awiri opanda kanthu.

Kutsika n'kumene kumavulaza anthu ambiri. Miyendo imakhala itatopa, maso ali kunyanja, ndipo timiyala ta panjira timagubuduza phazi, munthu n'kubinya akakolo. Pa makwerero ndi pa matcheni tsikani chafutambuyo, nkhope italoza kuthanthwe, ngati mmene munthu amatsikira padenga. Mukafuna kujambula, imani kaye pamalo otakata.

Nyamulani madzi osachepera lita imodzi ndi theka, chifukwa m'njiramo mulibe mpopi ndipo mthunzi ndi wochepa. Valani nsapato zomanga ndi zingwe, zokhala ndi mano kunsi. Masilipasi ndi nsapato zoti kunsi kunafufutika zisiyeni kunyumba. Onjezani chipewa, jekete yotchinga mphepo ndi kakamba monga nthochi kapena mtedza. Amene ali ndi vuto la mtima, BP kapena chizungulire ayambe waonana ndi dokotala.

Funso: Gulu lathu la kumpingo likufuna kukaonera dzuwa likulowa m'nyanja tili pansonga. Kodi n'zabwino?
Mnyamata wa ku Wynberg

Yankho: N'zokongola zedi achimwene, koma kumbukirani kuti mudzatsika mumdima, ndipo malo ovuta kwambiri ndi amene muyambe kudutsa. M'mwezi wa Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 8 koloko, koma mu Juni limalowa 6 koloko isanakwane. Aliyense akhale ndi tochi yakeyake yovala kumutu. Tochi ya pafoni imalanda dzanja limodzi lofunika pa makwerero, komanso imamaliza batire lomwe mungaimbire pakagwa ngozi. Masiku amene mwezi uli wathunthu anthu amadzaza mpaka kuima pamzere pa matcheni, choncho gulu la ongoyamba kumene lipite tsiku lina, makamaka m'mamawa. Musamwazikane: woyenda pang'onopang'ono akhale kutsogolo, wodziwa njira atsekere kumbuyo. Anthu oyenda okha akhala akuberedwa m'mapiri a mzindawu, ndiye pasapezeke wotsalira.

Funso: Ndi nyengo iti yoti munthu asakwere?
Bambo wa ku Milnerton

Yankho: Bambo, yang'anani mphepo ndi mvula. M'chilimwe cha kumeneko, kuyambira Novembala mpaka Malichi, kumaomba chimphepo chochokera kum'mwera chakum'mawa, mbali yomwe kumachokera mwera wa ku Nyanja ya Malawi. Eni dera amachitcha Cape Doctor. Mukaona mtambo utayala pamwamba pa phiri la Table Mountain ngati nsalu ya patebulo, dziwani kuti chayamba, ndipo pansonga chingakukankheni. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti ndi nthawi ya mvula. Matanthwe ndi zitsulo zimaterera ngakhale mvula itakata. Nkhungu ikakukutani muli panjira, bwererani mmene munadzera, osafuna njira yachidule. Wina akavulala musamunyamule pathanthwe. Mufunditseni jekete, mukhale naye pomwepo, ndipo muimbire gulu lopulumutsa anthu m'mapiri la Wilderness Search and Rescue pa 021 937 0300, kapena 112 pafoni yam'manja.