Kwa achimwene ofuna Mark X kapena Atenza: musachite manyazi, koma yang'anani msewu wa kwanu

Kalata imene yandichititsa kulemba lero yachokera kwa achimwene ena a ku Area 49, amene asonkhanitsa ndalama zogulira galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito, saluni yokulirapo, yooneka bwino ndiponso yokhala ndi zinthu zamakono, ndipo mtima wawo wagawanika pakati pa Toyota Mark X ndi Mazda Atenza. Funso limeneli ndi losavuta. Chimene chandikhudza ndi mawu amene anawaika kumapeto kwa kalatayo, akuti abale awo akuwauza kuti galimoto yotere ndi ya anthu odzionetsera, ndipo munthu wanzeru amagula Sienta kapena Probox yoti izinyamula matumba a chimanga.

Achimwene, mawu amenewo si achilendo kwa ine, ndipo amandiwawa mpaka lero. Ndinayendetsa Vitz kwa zaka zambiri, ndipo m'zaka zonsezo kagalimoto kameneko sikanali kanga ndekha. Kananyamula odwala usiku kupita nawo ku Kamuzu Central, kananyamula feteleza wa amalume kupita ku Mitundu, kanayenda m'maukwati ndi m'maliro a anthu amene ena mwa iwo sindinkawadziwa n'komwe, ndipo sindikukumbukira kuti wina anandifunsapo ngati matayala akufunika kusintha. Sindikudandaula, chifukwa umu ndi mmene timakhalira, ndipo inenso ndinakwerapo magalimoto a eni ake pamene ndinalibe yanga. Koma tsiku limene ndinafika kumudzi ndi Mark X yakuda, amalume asanandifunse n'komwe za ana, anazungulira galimotoyo n'kufunsa kuti kumbuyoku kungalowe matumba angati. Nditayankha kuti ochepa, anthu onse pabwalo anangoti chete, ngati kuti ndalengeza kuti ndasiya kupemphera.

Nkhani imeneyi ndaiganizira kwa nthawi yaitali, ndipo pamene ndafika ndi pakuti munthu amene amadzuka m'mamawa kupita kuntchito, amene amalipira sukulu ya ana ake ndi ya ana a abale ake, ali ndi ufulu wogula chinthu chimodzi pa chifukwa chokhacho chakuti chikumusangalatsa. Anthu amene amanena kuti galimoto yokongola ndi kudzitama sadzakhalapo tsiku lothira mafuta kapena lolipira inshuwalansi, ndipo ngakhale mutagula Probox monga akufunira, sadzasonkha ndalama ya tayala limodzi. Chimene akufuna kwenikweni ndi galimoto ya banja lonse yolipiridwa ndi munthu mmodzi. Ndinaonanso kuti anthu omwewo amene ankainyoza Mark X yanga ndi amene ankayamba kuimba foni nyengo ya maukwati ikafika, kupempha kuti idzanyamule akwati, chifukwa pa tsiku limenelo palibe amafuna kujambulitsa atatsamira galimoto ya matumba. Choncho nkhani ya abale tiisiye pamenepo: simukuchimwa, ndipo simuyenera kupepesa kwa wina aliyense.

Ndinaikonda galimoto imeneyo, ndipo ndikudziwa chifukwa chake. Mark X inapangidwa kuyambira chaka cha 2004 mpaka 2019, ndipo yambiri imene timaiona m'misewu ya Lilongwe ili ndi injini ya V6 ya malita 2.5 imene imakankha ndi matayala akumbuyo. Zimenezi mumazimva mukamakwera chitunda cha ku Dedza kapena mukamadutsa lole yaitali pa msewu wa M1 wopita ku Kasungu, pamene galimotoyo imangoyankha popanda kulira kapena kunjenjemera. Munthu amene wazolowera injini yaing'ono imene imabuula akayatsa mpweya wozizira ali pa chitunda, akakhala koyamba pa chiwongolero cha galimoto yotere amamvetsa kuti si maonekedwe okha amene anthu amalipira. Mtundu wachiwiri, umene unayamba mu 2009, ndi umene ndingakulangizeni, chifukwa injini yake ya 2.5 inakonzedwa kuti izigwiritsa ntchito petulo wamba, pamene mtundu woyamba unapangidwira petulo wapamwamba, komanso mtundu woyambawo tsopano wakalamba ndipo wambiri wadutsa m'manja mwa anthu ochuluka.

Koma kukonda chinthu sikundiletsa kunena mtengo wake. Injini ya masilinda 6 imamwa mafuta kuposa ya masilinda 4, makamaka m'tauni muno mmene mumangoima ndi kuyenda kuchokera ku Area 18 kukafika ku Old Town, ndipo aliyense amene anagonapo pa mzere wa mafuta m'zaka zapitazi akudziwa kuti nkhani ya mafuta kuno si ya ndalama zokha, ndi ya nthawi ndi tulo. Mapulagi ndi 6, oyilo amalowa wambiri, ndipo msonkho umene a MRA amawerengera galimoto yochokera kunja umakwera malingana ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimotoyo. Zonsezi ndinazidziwa ndisanagule ndipo ndinazivomereza. Chimene anthu ambiri sachiwerengera, ndipo n'chimene ndikufuna muchiganizire kuposa zonse, ndi kutalika kwa galimotoyo kuchokera pansi. Magalimoto onse awiriwa mimba yake imakhala pafupifupi masentimita 15 kapena 16 kuchokera pa msewu, ndipo anapangidwira misewu ya ku Japan. Mwanena kuti mumakhala ku Area 49, koma simunanene ngati ndi ku Gulliver, ku Shire kapena ku Dubai, komanso ngati phula limafika pa geti panu. Mvula ikayamba mu Disembala, msewu wafumbi umene unali wosalala mu Ogasiti umakhala ndi ngalande pakati, ndipo mtunda waufupi wochokera pa phula kukafika pakhomo ndi umene umathyola bampala, kuboola chotengera oyilo pansi pa injini ndi kutha mashoko. Ine ndinali ndi mwayi wakuti phula linkafika pafupi ndi nyumba, komabe mahampu ena a m'tauni muno ndinkawadutsa chammbali, pang'onopang'ono, oyendetsa maminibasi akuimba hutala kumbuyo kwanga.

Apa ndiyenera kulankhula mosabisa za matayala, chifukwa ndi pamene maonekedwe amapha anthu. Atenza yapamwamba imabwera ndi marimu a mainchesi 19 ndi matayala opyapyala m'mbali, ndipo pa chithunzi palibe galimoto yokongola kuposa imeneyo. Pa msewu wa maenje, tayala lotere limatupa kapena kung'ambika mukangogunda dzenje limodzi usiku, nthawi zina rimu yomwe imapindika, ndipo saizi imeneyo simuipeza m'sitolo iliyonse. Kuyambira pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo, ndipo matayala aakulu ndi amene amaonetsa kukwerako mopanda chifundo. Ndikunena motsindika kuti munthu wokhala ku Lilongwe amene akugula marimu a mainchesi 19 akugula mavuto ndi ndalama zake. Funani ya mainchesi 17, imene tayala lake lili ndi mnofu wokwanira kumeza dzenje, ndipo galimotoyo idzaonekabe bwino.

Atenza ya mtundu umene unayamba mu 2012 ndi galimoto yabwino, yokoka ndi matayala akutsogolo, yokhala ndi magiya 6 odzisintha okha amene si a mtundu woyendera lamba wotchedwa CVT, ndipo ya petulo ya malita 2.0 imamwa mafuta ochepa kuposa Mark X. Koma yambiri imene imagulitsidwa motchipa ndi ya dizilo ya malita 2.2, ndipo imeneyo ndikukuletsani. Injini imeneyo ili ndi sefa yogwira mwaye wa utsi, yotchedwa DPF, imene imadziyeretsa yokha galimoto ikayenda ulendo wautali itatentha bwino. Munthu amene amangoyenda kuchokera kunyumba kupita ku City Centre n'kubwerera saipatsa mpata wotero, ndiye sefayo imatsekeka, dizilo amalowa mu oyilo, ndipo mavuto a injini amayambira pamenepo. Wogulitsa adzakuuzani kuti dizilo ndi wosamwa, ndipo sakunama, koma ndalama zimene mudzasunge pa mafuta mudzazisiya ku galaja.

Za zinthu zamakono zija

Mwalemba kuti mukufuna galimoto yokhala ndi sikirini, kamera yakumbuyo ndi kiyi wongodina. Pa zitatuzi, kamera ndi imene ndimaiona kuti ndi yothandiza tsiku ndi tsiku. Sikirini ya galimoto yochokera ku Japan imalankhula Chijapanizi, mapu ake ndi a misewu ya ku Tokyo ndi Osaka, ndipo wailesi yake inapangidwira mafunde a FM oyambira pa 76 mpaka 90, pamene mawailesi athu ambiri ali pamwamba pa pamenepo, ndiye mumafunika kuikitsa kachipangizo kowonjezera kuti mumve nkhani. Masikirini ena amadalira kakhadi ka SD, ndipo kakhadiko kakachotsedwa panjira, tsiku limene mudzasinthe batire sikiriniyo idzangoonetsa uthenga umene simungauwerenge. Kiyi wongodina ndi wosangalatsa mpaka tsiku limene watayika, chifukwa sadulidwa kumsika, amafunika munthu wa kompyuta, choncho musalole kulandira galimoto yokhala ndi kiyi mmodzi popanda kutsitsa mtengo. Atenza ilinso ndi njira yozimitsa injini yokha mukaima pa maloboti, ndipo imafuna batire lamtundu wake, lodula kuposa lawamba.

Chimene chimandikwiyitsa ndi chakuti ogulitsa anazindikira kale kuti maso athu amathamangira ku zowala. Amakukhazikani pampando, amayatsa sikirini, amakweza nyimbo, ndipo munthu amatuluka atagula kale mumtima asanatsegule n'komwe boneti. Sikirini yatsopano ya Android mungaikitse tsiku lililonse pa ndalama zochepa poyerekeza ndi mtengo wa galimoto, pamene injini kapena magiya zikafa mumalipira ndalama zoti mukanagulira kagalimoto kena. Musalipire ndalama yowonjezera chifukwa cha chinthu chimene mungachigule padera.

Za amakaniko ndi zipangizo

Musanapereke ndalama, pitani ku Biwi mukafunse mitengo ya mashoko, mabuleki, nyali yakutsogolo ndi galasi lam'mbali la galimoto iliyonse mwa ziwirizi, ndipo muone kuti ndi ziti zimene wogulitsa akutulutsa pomwepo ndi ziti zimene akuti aitanitsa ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg. Mmene ine ndaonera, zipangizo za Toyota zimapezeka msanga ndipo amakaniko ambiri anaizolowera, pamene Mazda yamakono imafuna munthu amene ali ndi makina oyezera ndiponso wodziwa kuwawerenga. Makaniko wongomvetsera injini ndi khutu n'kuyamba kumasula mawaya angawononge galimoto yotere tsiku limodzi.

Mnzanga wina anandipempha kuti ndimuperekeze kukaona saluni ina imene inkagulitsidwa m'mbali mwa msewu, yopukutidwa bwino, yonunkhira, ndipo mita yake inkaonetsa kuti yayenda mtunda wochepa kwambiri. Koma chiwongolero chinali chitasalala, mphira wa popondera buleki unali utatha, ndipo mpando wa dalaivala unali utaphwa mbali imodzi. Titapempha pepala lotulutsira galimoto ku Japan, limene limalemba makilomita amene galimotoyo inali itayenda pa nthawi imene inkayezedwa kumeneko, wogulitsayo anati lili ndi abwana ake amene apita ku Blantyre, kenako anayamba kutiuza kuti pali munthu wina amene akubwera ndi ndalama madzulo omwewo. Tinamusiyira munthu wakeyo. Kubweza mita ndi chinyengo chofala, ndipo mawu akuti pali wogula wina akubwera ndi njira yokuletsani kuganiza. Galimoto ya mtundu umenewu imakopanso achinyamata okonda liwiro, choncho yang'anani ngati zitseko ndi boneti zikutsekeka mofanana mbali zonse ndiponso ngati penti ikufanana, chifukwa yambiri inagundidwapo n'kuwongoledwa.

Mapepala nawo musawapeputse. Nambala ya chassis imene ili pa galimoto ifanane ndi imene ili pa blue book, dzina la mwini likhale la munthu amene mukumupatsa ndalamayo, msonkho wa MRA ukhale utalipiridwa, ndipo pitani limodzi ndi wogulitsayo ku Road Traffic kukasintha umwini musanamalize kulipira, osadalira madobadoba. Mukasankha kuitanitsa nokha ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ndi pa chipata cha Songwe, dziwani kuti mtengo wa pa intaneti ndi chiyambi chabe, chifukwa pali msonkho, zolipira ku doko, woiyendetsa kudzafika kuno, ndi vuto lopeza ndalama zakunja ku banki.

Yankho la funso lanu ndi ili, achimwene. Ngati phula limafika pafupi ndi pakhomo panu, mumayenda maulendo ataliatali ndipo mafuta sakuopsani, gulani Mark X ya 2.5 yopangidwa kuyambira 2009. Ngati maulendo anu ambiri ndi a m'tauni ndipo mukuwerengera lita iliyonse, gulani Atenza ya petulo ya 2.0 yokhala ndi marimu a mainchesi 17, mutapeza kaye makaniko woidziwa. Ngati msewu wa kwanu umasanduka mtsinje nthawi ya dzinja, zisiyeni zonse ziwiri mpaka mutasamuka. Mulimonsemo, tengani makaniko wanu wokhala ndi makina oyezera, muilize injini m'mawa isanatenthe, ndipo musunge ndalama yapadera yosinthira oyilo, mapulagi ndi matayala mwezi woyamba.