Kwa achimwene ofunsa za kuwedza ku Madison

Achimwene, takulandirani ku Wisconsin. Mwafunsa kuti anthu amene mukuwaona atakhalira zidebe pamwamba pa madzi oundana ku Monona Bay akupha nsomba zanji, ngati munthu wopanda boti angayambe nawo, ndiponso ngati nsombazo zili bwino kudyetsa ana kunyumba. Ndiyankha motalikirapo ndithu, chifukwa nkhaniyi ili pamtima panga, komanso muli zina zimene sindikufuna kuti mudzazimve mochedwa.

Ambiri mwa anthu amenewo akuwedza bluegill, kansomba kophwatalala ka kadontho kakuda kuseri kwa mutu, kotalika masentimita 15 mpaka 20 kakakula bwino. Pambali pake pali pumpkinseed, crappie ya mawangamawanga, ndi yellow perch yachikasu ya mizere yakuda. Malamulo a kuno amaziwerenga zonsezi gulu limodzi lotchedwa panfish, ndipo kuziwedza n'kololedwa chaka chonse. Boti silofunika poyamba. M'chisanu aliyense amayenda wapansi, wolemera ndi wosauka yemwe, ndipo m'chilimwe muli malo ambiri oimapo kumtunda.

Choyamba dziwani mmene nyanjazi zinakhalira. Mtsinje wa Yahara umachokera kumpoto n'kulowa mu Mendota, imene ili yaikulu kuposa zonse, yakuya mamita 25. Ukatuluka mmenemo umadutsa pa Tenney Park, n'kudula mzinda pakati mpaka kukathira mu Monona, yakuya mamita 22. Kumunsi kwake kuli Waubesa, kenako Kegonsa, zonse ziwiri zosazama kwenikweni, mamita 12 ndi 10 kapena kucheperapo pang'ono. Palinso kanyanja ka Wingra pafupi ndi Vilas Park, kamene madzi ake amakatsirira mu Monona. Madzi ndi amodzi, koma kuya kwake ndi kosiyana, nchifukwa chake ina imafunda msanga, ina imaundana mochedwa. Munthu akabwera chimanjamanja amati nsomba zatha. Sizinathe, zasamuka. Bluegill imene mwaipeza m'madzi olekeza m'mawondo mu Juni, pofika Ogasiti ili kwina, pofika Januwale ilinso kwina. Usodzi wonse wa kuno wagona pa kudziwa kumene yapita ndi chimene yatsata.

Ayezi amasungunuka kumapeto kwa Malichi kapena kumayambiriro kwa Epulo. Perch ndiyo imayamba kuikira mazira madzi akadali ozizira. Mu Meyi crappie zimabwera m'makona a nyanja osazama, makamaka a matope akuda pansi, poti ndi amene amafunda msanga dzuwa likawomba. Tinsomba tamoyo tating'ono togula kusitolo ya nyambo ndito crappie imakonda. Koma nyengo yokoma kwa munthu woyamba kumene, makamaka wa ana, ndi kumapeto kwa Meyi mpaka mu Juni, madzi akafunda kufika madigiri 20 kapena kupitirirapo. Apa bluegill zimabwera kugombe kudzaswana.

Inu amene munakulira kunyanja mukudziwa mmene chambo chachimuna chimakonzera chisa pamchenga. Bluegill yamphongo imachitanso chimodzimodzi: imasesa pansi ndi mchira mpaka patapangika kadzenje kozungulira, ndipo zisazo zimakhala zambiri pamalo amodzi, zogundana. Kusiyana kwake n'kwakuti siifungatira ana m'kamwa. Yaikazi ikaikira imachoka, yamphongo n'kutsala ikukupiza mazira ndi zipsepse, kupirikitsa chilichonse choyandikira. Pa nthawi imeneyi imaluma chilichonse chogwera pachisa, ngakhale mbedza yopanda nyambo. Mwana wa zaka zisanu akhoza kudzaza chidebe.

Apa ndiye ndikupempheni ndithu, achimwene. Zamphongo zikuluzikulu za chifuwa chofiirira, zimene zikulondera zisa, muzizibwezera m'madzi. Mukaichotsa pachisa, tinsomba tina timadya mazira onse posakhalitsa. Vuto lalikulu kuposa pamenepo ndi ili: m'nyanja mukakhala zamphongo zikuluzikulu, zing'onozing'ono zimalephera kulanda malo a zisa, ndiye zimayamba zakula kaye zaka zingapo zisanayambe kuswana. Zikuluzikuluzo zikatha, tating'ono timakhwima msanga, mphamvu zonse n'kupita ku kuswana, ndipo kukula kumaima. Mapeto ake nyanja imadzaza ndi tinsomba topinimbira. Nthambi ya boma yoona zachilengedwe, DNR, inaona vutoli mpaka mu 2016 inayamba kuyesa malamulo ochepetsa chiwerengero cha panfish pa nyanja 94 za mu Wisconsin. Ine ndimatenga zapakatikati, za masentimita 17 kapena 18. Ndiwo zake n'zokoma chimodzimodzi.

Zida za chilimwe sizidula: ndodo yopepuka, ulusi wopyapyala, kambedza kakang'ono, kamtovu kamodzi, ndi kachoyandama kakang'ono kosonyeza kuti nsomba yajompha. Nyambo ndi nyongolotsi, koma muziduladula, chifukwa bluegill ili ndi kakamwa kakang'ono, ndipo nyongolotsi yathunthu imangoibudula n'kukusiyirani mbedza. Poimapo pali Brittingham Park pa Monona Bay, khoma la m'mbali mwa Monona Terrace, Olin Park, Tenney Park, Babcock Park ku McFarland kumene Yahara amatulukira mu Waubesa, ndi Vilas Park kwa ana aang'ono.

Julayi akalowa zinthu zimasintha. Zikuluzikulu zimachoka kugombe n'kukakhala kumapeto kwa udzu wa m'madzi, pamene pansi pamayamba kutsetsereka, mamita 3 mpaka 5. Zina zimangoyandama pakati pa madzi akuya kutsata tizilombo. Mu Mendota ndi Monona madzi amagawikana m'chilimwe: ofunda pamwamba, ozizira pansi, osasakanikirana. Zomera zakufa zikamawolera pansipo zimamaliza mpweya wa okosijeni, moti pofika Ogasiti kunsi kwa mamita 10 kapena chapompo kulibe nsomba ingakhaleko. Woponya mbedza pansi penipeni mwezi umenewu amangotaya nthawi. Ngati muli kumtunda, lawirirani m'mamawa kapena pitani dzuwa likupendeka. Ndipo mukaona madzi abiriwira ngati athiridwa penti, ndi ndere zapoizoni zimenezo, zobwera chifukwa cha manyowa ndi feteleza wokokoloka kuchokera m'minda ndi m'makola a ng'ombe za mkaka kumtunda. Ana asasewerepo, galu asamwe.

Tsopano za chisanu, poti n'zimene mukuziona panopa. Ku Madison anayamba kulemba tsiku loundana ndi losungunuka la Mendota m'zaka za m'ma 1850, ndipo zolembazo zikusonyeza kuti nyengo ya ayezi yafupika ndi pafupifupi mwezi wathunthu. Kawirikawiri Mendota imatseka cha pa 20 Disembala, koma zaka zina imafika mu Januwale isanatseke. Monona Bay, poti ndi yosazama komanso yotchingidwa ku mphepo, imaundana kale nyanja zikuluzikulu zikadali ndi mafunde. Nchifukwa chake anthu amadzazana kumeneko poyamba, pamodzi ndi timadziwe tija totchingidwa ndi njanji pafupi ndi John Nolen Drive.

Musakwere pa ayezi chifukwa choti mwaonapo munthu wina. Muyeso wodziwika ndi masentimita 10 a ayezi woonekera mkati, wolimba, kuti munthu ayendepo wapansi. Ayezi woyera, wosakanikirana ndi chipale, mphamvu yake ndi theka chabe. A DNR sayeza ayezi, ndiye funsani kusitolo ya nyambo, iwo amamva kwa asodzi tsiku ndi tsiku. Pa nyanja zolumikizana ndi mtsinje ngati izi pali ngozi yakeyake: madzi amayenda pansi ngakhale pamwamba patauma. Pamene Yahara akulowera, pamene akutulukira, pansi pa milatho ndi pamakhwalala opapatiza, ayezi amakhala wopyapyala ngakhale m'kati mwa Januwale. Pa Mendota palinso ming'alu ikuluikulu imene imatseguka ndi kutsekeka kutentha kukamasintha. Yendani ndi chitsulo chogogodera patsogolo panu, valani m'khosi timisomali tiwiri tokokera thupi ngati mwagwera, ikani zitsulo zoletsa kuterereka kunsi kwa jombo, ndipo ulendo woyamba musapite nokha. Ana adikire kufikira ayezi atakhuthala bwino. Kuzizira kwa Januwale kumatha kufika madigiri 20 kunsi kwa ziro, ndipo pakati pa nyanja palibe chotchinga mphepo, choncho jombo zabwino ndi magolovesi zigulidwe ndodo isanagulidwe.

Kawedzedwe ka pa ayezi ndi ka manja ofatsa. Mumaboola bowo ndi auger, ya pamanja ikukwana, n'kuchotsa zidutswa ndi chipande chobooka. Kandodo kake ndi kafupi, kosakwana mita imodzi, ulusi wopyapyala kwambiri, ndipo kumapeto kumakhala kambedza ka mutu wolemera kotchedwa jig. Nyambo ndi mphutsi, zimene amagulitsa m'timabotolo ndi dzina loti spikes kapena waxworms. Muzizisunga m'thumba la mkati kuti zisaume ndi kuzizira. Madzi akazizira nsomba imachita ulesi, siithamangira chakudya. Imangofika, kuyang'ana, n'kuyamwa pang'ono, moti dzanja silimva kanthu. Nchifukwa chake kunsonga kwa ndodo amaikako kawaya kofewa kamene kamagwedera nsomba ikangokhudza. Crappie imadya kuchokera kunsi, ndiye nthawi zina kawayako kamadzuka m'malo mowerama, ndipo kameneko ndi kuluma ndithu, kokani. Yambirani nyambo pamwamba n'kumatsitsa pang'onopang'ono mukunjenjemeretsa, chifukwa maso a nsomba zimenezi amayang'ana kumwamba.

Chinsinsi chenicheni ndi udzu. Kumayambiriro kwa chisanu bluegill zimakhala m'udzu umene ukadali wobiriwira, m'madzi a mita imodzi ndi theka mpaka mamita atatu, poti mmenemo muli mpweya, chakudya ndi pobisala. Mbedza ikakola udzu, uyang'aneni. Ngati ndi wobiriwira, khalani. Ngati ndi woderako ndi wonunkha, nyamukani. Chipale chikaunjikana pamwamba kuwala kumasiya kulowa, udzu umafa, ndipo pofika Febuluwale nsomba zambiri zimakhala zitatsikira kwakuya. Bowo likapanda kupereka kanthu mphindi khumi, boolani lina. Asodzi amene amabwerera ndi nsomba ndi amene amayenda. Crappie imadya kwambiri kukamada ndi usiku, nchifukwa chake mumaona timatenti tikuwala pa Monona ndi Waubesa madzulo. Tentiyo ngati muyatsamo hita ya gasi, siyani polowera mphepo.

Perch za mu Mendota ndi nkhani ina. M'nyengo yoyoyoka masamba madzi apamwamba akazizira amamira, nyanja yonse n'kusakanikirana, mpweya n'kubwereranso pansi. Choncho m'chisanu perch zimayenda m'magulu kwakuya, mamita 18 kapena 20, kudya tizilombo ta m'matope. Kuzifikira n'kuyenda mtunda wautali pa ayezi, ndipo pamafunika chitsulo cholemera kuti nyambo ifike pansi gululo lisanadutse. Nsomba yovuulidwa kwakuya chonchi imatupa kathumba ka mpweya ndipo siikhala moyo mukaibwezera, ndiye iliyonse imene mwakoka ndi yanu, muiwerengere. Chaka choyamba zisiyeni kaye, phunzirirani pa Monona Bay.

Za malamulo mwachidule. Aliyense wa zaka 16 kupita m'mwamba afunika laisensi, yogula pa intaneti kudzera pa Go Wild kapena kusitolo ya nyambo, ndipo imatha pa 31 Malichi. Ana osakwana 16 safunika. Mbedza kapena nyambo zisapitirire zitatu munthu mmodzi. Muyeso wa boma lonse ndi panfish 25 pa tsiku, mitundu yonse kuphatikiza, koma nyanja zina zili ndi muyeso wocheperapo, ndiye werengani kabuku ka chaka chimenecho, nyanja ndi nyanja. Nsomba yamoyo musachoke nayo panyanja, ndipo madzi a m'chidebe muzikhuthula musananyamuke. Kawiri pa chaka, kumapeto kwa sabata yachitatu ya Januwale ndi yoyamba ya Juni, aliyense amawedza popanda laisensi. Ndi mpata wabwino woyesera musanawononge ndalama.

Funso lanu lomaliza ndilo lolemera. Nsombazi n'zokoma, nyama yoyera, zokazinga ndi mchere kapena za msuzi wa tomato ndi anyezi zimayenda bwino ndi nsima. Koma mu 2021 a DNR ndi a zaumoyo anachenjeza za mankhwala otchedwa PFAS, amene anapezeka ochuluka mu Starkweather Creek, kamtsinje kochokera mbali ya bwalo la ndege n'kukathira mu Monona. Chenjezolo linakhudza Monona, Waubesa, Kegonsa ndi Yahara kutsetsereka mpaka ku Rock River. Linati bluegill, pumpkinseed ndi perch za kumeneko anthu azidya kamodzi pa sabata basi, crappie kamodzi pa mwezi. Mendota, poti ili kumtunda, sinali m'chenjezolo, Wingra nayonso. Mankhwalawa sachoka ndi kukazinga, kuwiritsa kapena kuyanika, ndipo amachuluka m'chiwindi ndi m'magazi, choncho tumbulani bwino, za m'mimba mutaye zonse.

Ndikutsindika izi chifukwa ife nsomba timadya kawirikawiri, mutu ndi zonse, ndipo firiza ikadzaza timaiyesa ndiwo za tsiku lililonse. Palinso langizo la boma lonse lokhudza mercury, poizoni wina wopezeka m'nsomba, loti ana osakwana zaka 15 ndi amayi osapitirira zaka 50 azidya panfish kamodzi pa sabata, kaya zachokera nyanja iti. Ndiye ngati alamu ali oyembekezera kapena akuyamwitsa, za kunyumba muzikapha ku Mendota, cha ku University Bay, ndipo muzilemba pa pepala la pulasitiki dzina la nyanja ndi tsiku musanaziike mu firiza.