Land Rover ya malemu bambo yakhala zaka pansi pa mtengo, ndiyambire pati?

Funso: Amisiri, malemu bambo anga anatisiyira Land Rover Series III ya 109 (mtundu wautali uja), yoyendera petulo, imene ankatutira chimanga ndi fodya kuchokera ku Mitundu. Yakhala pansi pa mtengo wa mango kwathu ku Likuni zaka 9 osalizidwa. Bodi yake ilibe dzimbiri ngakhale pang'ono. Ndikufuna kumaikonza ndekha pakhomo Loweruka lililonse, ndipo ndagula kale batire ndi penti. Kodi ndingoiliza kenako n'kuipopera?

Yankho: Achimwene, mwachita bwino kusaigulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Koma penti uja kamuikeni kaye m'nyumba, ndipo batire musalumikize sabata ino. Ntchito ya galimoto imeneyi imayambira pansi, munthu atagona chagada, nyundo ili m'manja.

Bodiyo isakunamizeni. Series III, imene inkapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, bodi yake ndi ya aluminiyamu, ndipo aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira. N'chifukwa chake mungaone Land Rover yooneka yamoyo kunja pamene pansi inatha kalekale. Zachitsulo ndi chasisi, komanso khoma lija lolekanitsa injini ndi pokhala anthu, lomwe amakaniko timalitcha bulkhead. Ziwirizi ndizo zidzakuuzeni ngati ntchitoyi ndi ya miyezi kapena ya zaka.

Sesani masamba onse, tsukani matope a pansi, mudikire paume. Kenako yendani ndi nyundo yaing'ono chasisi yonse, mukugogoda. Chitsulo chamoyo chimalira ngwee, chodyeka chimangoti phu, mwina nyundo n'kulowa. Limbikirani pa chitsulo chopingasa cha kumbuyo kwenikweni, pa timikono totuluka m'mbali tonyamula bodi, ndi pamene masipuling'i amagwira. Chasisi imeneyi ili ngati bokosi lalitali: matope a dzinja amalowa m'kati, amasunga chinyontho, dzimbiri n'kumadya kuchokera m'kati kutulukira kunja. Mukaona kabowo konga ka msomali, dziwani kuti m'katimo mwadyeka malo aakulu ngati chikhatho. Pa bulkhead chotsani mphasa muone popondapo mapazi ndi mizati yogwira zitseko. Ufa woyera womwe mungaupeze pamene aluminiyamu wakhudzana ndi chitsulo ndi kudyeka kwa aluminiyamuyo. Pomanganso mudzaikepo labala wopyapyala kapena penti pakati pake.

Powotcherera, itanani munthu wodziwa za magalimoto, osati wa mageti ndi mawindo yekha. Adule podyekapo mpaka afike pa chitsulo chamoyo, aikepo chigamba chosachepera mamilimita 2. Kumata chigamba pamwamba pa dzimbiri n'kubisa matenda. Thanki ya mafuta ichotsedwe moto usanayake, ngakhale ikuoneka youma, chifukwa mpweya wa petulo wotsalira ndi umene umaphulika. Samalaninso nambala ya chasisi, yodindidwa kutsogolo kudzanja lamanja pafupi ndi pogwira sipuling'i. Ikadulidwa, mudzavutika ku Road Traffic posintha umwini ndi potenga COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu), poti iyenera kufanana ndi ya mu blue book.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani ndi mtima wonse. Handibuleki ya galimoto iyi sigwira matayala, imagwira shafti kumbuyo kwa giyabokosi. Mukakweza tayala limodzi lakumbuyo ndi jeke, galimoto ikhoza kuyenda handibuleki ili chikokere. Tsekerani matayala otsala ndi zipika, ndipo musalowe pansi galimoto itakhala pa jeke yekha kapena pa njerwa. Njerwa imaphwanyika mosachenjeza. Pezani masitandi achitsulo, ndipo ana asamasewere pafupi.

Tsopano injini. Ya malita 2.25 ndi yopirira kwambiri, koma itagona zaka 9 maring'i amakhala atamatirira ndipo oyilo yense anatsikira pansi. Mukaikakamiza ndi sitata mukhoza kuthyola maring'i kapena kukanda masilinda. Chotsani mapulagi onse 4, thirani oyilo pang'ono wosakaniza ndi dizilo m'bowo lililonse, musiye masiku angapo. Mukatero ipukuseni ndi manja. Fufuzani kuseri kwa mipando, mwina handulo yopukusira ija ikadalipo. Imalowa pa bowo la kutsogolo. Ikazungulira bwinobwino, mwapeza mwayi. Ikakana, onjezerani mafuta aja mudikirenso, osalimbana nayo ndi mphamvu.

Ikamasuka, sinthani oyilo ndi fyuluta, tsukani thanki, tsegulani kabuleta muitsuke. Mapaipi onse a labala a mafuta asinthidwe, pamodzi ndi labala wa m'kati mwa pampu, chifukwa petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol ndipo labala wakale sachedwa kufewa n'kuyamba kudontha. Mawaya muwaone limodzilimodzi. Galimoto yokhala pansi pa mtengo imasanduka nyumba ya makoswe, ndipo waya wosendeka ndiye amayatsa moto tsiku lolumikiza batire. Miyezo ya injiniyi nayi: mpata wa mapoyinti (timene timadula ndi kulumikiza moto wopita ku mapulagi) 0.35 mpaka 0.40 mm, mpata wa matapeti (totsegula mavalavu) 0.25 mm onse, ndipo mapulagi amawomba motsatana 1-3-4-2. Fyuluta ya mpweya ija yokhala ndi oyilo pansi musaitaye. Pa fumbi la Lilongwe la mwezi wa Okutobala imagwira ntchito bwino, ndipo imangofuna kutsukidwa ndi kuthiridwa oyilo watsopano.

Injini ikalira, mtima udzafuna kuzungulira nayo mpaka pa msika. Dikirani. Mabuleki akhala zaka zonsezi akumwa chinyontho, timalabala ta m'masilinda tinauma. Tsegulani madilamu onse, sinthani malabala kapena masilinda amene, mapaipi ofewa, ndi mafuta a mabuleki onse. Mabuleki akutsogolo a 109 ali ndi masilinda awiri mbali iliyonse ndipo amavuta kutulutsa mpweya, choncho khalani awiri, wina akuponda wina akutsegula, modekha. Matayala nawo, ngakhale mano akuoneka, ngati m'mbali muli ming'alu ndi otha.

Funso lachiwiri la achimwene omwewa: Pa mipira yachitsulo yonyezimira ya kuseri kwa matayala akutsogolo pakudontha mafuta. Ndipo anzanga ku Biwi akuti ndichotse injiniyi ndiike ya dizilo yamakono.

Yankho: M'mipira imeneyo mumakhala oyilo wa magiya wotchedwa EP90, yemweyo wa mu giyabokosi, transfer box (bokosi logawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo) ndi madifu onse awiri. Pitani chala pa mpirawo. Ngati ndi wosalala, sinthani silo basi. Ngati uli ndi timaenje ta dzimbiri, udzang'amba silo iliyonse yatsopano, ndiye mpirawo usinthidwe kapena timaenjeto titsekedwe n'kusalazidwa. Mukamasaka masipeya, nyamulani chakalecho m'manja mukayerekeze pomwepo, chifukwa zambiri za Series IIA ndi Series III zimafanana maonekedwe koma si zonse zimalowana.

Za injini, ine sindingaichotse ngati ikuzungulira ndipo ili ndi kompulesheni yabwino. N'zoona kuti imamwa petulo ndipo sithamanga. Koma giyabokosi ndi mashafti a galimotoyi anapangidwira mphamvu ya injini yomweyi; mukaika yamphamvu kwambiri, vuto limasamukira kumeneko, ndipo mabuleki a madilamu amatsalira. Komanso iyi mungaikonze nokha pansi pa mtengo womwewo ndi masipanala wamba.

Mukadzayamba kuiyendetsa, kumbukirani kuti kandodo ka mutu wachikasu kamalowetsa matayala onse anayi, ndipo ndodo yofiira ndi ya magiya amphamvu a pamatope ndi pokwera. Pa tala musayende nazo zili zolowetsa. Galimotoyi ilibe difu yapakati yolola matayala akutsogolo ndi akumbuyo kuzungulira pa liwiro losiyana, choncho mashafti amapotana mpaka china chithyoke. Zisungireni msewu wa ku Dzalanyama nthawi ya mvula.

Penti adzabwere zonsezi zitatha, makamaka mu Meyi kapena Juni, mvula itasiya koma fumbi lisanachuluke. Pa aluminiyamu muyambe ndi etch primer, penti woyamba wogwira pa aluminiyamu, apo ayi penti adzasupuka ngati khungwa. Ndipo musanapale wakaleyo, chotsani kachidutswa kamodzi komwe dzuwa silinafike, monga m'kati mwa chitseko, mupite nako kwa osakaniza penti kuti akupatseni mtundu womwe bambo anu ankayenda nawo.