Kodi n'zoona kuti Ayuda ndi amene anabweretsa mliri? Yankho kwa mayi wina amene anandilembera

Mayi wina, amene ndi mphunzitsi komanso mlembi wa gulu la amayi kutchalitchi kwawo, wanditumizira kalata pa imelo. Akuti pa gulu lawo la WhatsApp pabweranso uthenga umene unkazungulira nthawi ya Covid-19, wonena kuti Ayuda olemera ndi amene anapanga kachilombo kaja n'cholinga choti adzagulitse katemera ndi kulamulira dziko lonse. Amene anautumiza ndi mayi wachikulire wolemekezeka, ndipo ena anayankha kuti "Ambuye atichitire chifundo". Funso lawo ndi lakuti kodi m'nkhaniyi muli choonadi chilichonse, n'chifukwa chiyani amatchulidwa ndi Ayuda, ndipo iwo achite chiyani.

Mayi, uthengawo ndi wabodza, ndipo bodza lake ndi lakale kwambiri kuposa kachilombo kamene likunena. Pakati pa zaka za 1347 ndi 1351 ku Ulaya kunagwa mliri umene unapha pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu atatu alionse, ndipo popeza panalibe wodziwa chiyambi chake, kunabuka mphekesera yoti Ayuda akuthira poizoni m'zitsime. Ena anagwidwa, anazunzidwa mpaka kuvomera mlandu umene sanapalamule, ndipo kuvomerako kunkatumizidwa m'makalata kuchoka mzinda uno kupita mzinda uwo ngati umboni. Pa 14 February 1349, mumzinda wa Strasbourg, Ayuda mazanamazana anawotchedwa, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti pa tsikulo mliriwo unali usanafike n'komwe mumzindamo. Atangophedwa, ngongole zimene anthu anali nazo kwa iwo zinafafanizidwa ndipo chuma chawo chinagawidwa. Papa Clement VI anali atalemba kale m'chaka cha 1348 kuti Ayuda alibe mlandu, popeza nawonso ankafa ndi nthendayo mofanana ndi Akhristu, koma khamu silinamvere. Panapita zaka zoposa 500 kuti Alexandre Yersin, m'chaka cha 1894 ku Hong Kong, apeze kachilombo kenikeni koyambitsa mliriwo, kamene kamafala kudzera mu utitiri wa makoswe.

Ndakhalitsa pa nkhani ya ngongoleyi chifukwa ikuyankha funso lanu lachiwiri. M'madera ambiri a ku Ulaya Ayuda ankaletsedwa kukhala ndi minda komanso kugwira ntchito zambiri zamanja, ndipo imodzi mwa ntchito zochepa zimene anasiyiridwa inali yokongoza ndalama. Anthu omwe anawakankhira ku ntchitoyo ndi omwenso anayamba kuwanena kuti ndi okonda ndalama. Anali ochepa, opembedza mosiyana ndi anzawo, opanda asilikali owateteza, kotero tsoka likagwa zinali zosavuta kuwaloza chala. Uthenga umene mwalandirawo wangochotsa chitsime n'kuikapo katemera.

Pa nkhani ya katemerayo, taonani zimene tinaona ndi maso athu. Katemera woyamba kufika kuno ku Malawi mu March 2021 anali wa AstraZeneca, amene anakonzedwa ndi akatswiri a ku yunivesite ya Oxford ndipo anapangidwa kufakitale ya Serum Institute ku India. Katemera wa Pfizer anachokera ku kampani ya BioNTech ya ku Germany, imene Uğur Şahin ndi Özlem Türeci, ochokera m'mabanja a ku Turkey, ndi ena mwa oiyambitsa. N'zoona kuti mkulu wa Pfizer, Albert Bourla, ndi Myuda, ndipo ofalitsa chidani amakonda kutola dzina limodzi ngati limeneli n'kubisa mayina ena onse. Munthu ali ndi ufulu wofunsa za phindu limene makampani a mankhwala anapeza, ndipo ine ndimafunsanso, koma funso limenelo limapita kwa kampani ndi mabuku ake a ndalama, osati kwa mtundu wonse wa anthu.

Zimene Ayuda anakumana nazo nthawi ya Covid-19 sizinali za pafoni pokha. Masunagoge atatsekedwa, mapemphero ndi miyambo ya maliro zinasamukira pa Zoom, ndipo anthu achipongwe ankalowerera n'kuonetsa zizindikiro za chipani cha Nazi pamaso pa anamfedwa. Ku Germany, ena otsutsa katemera anavala nyenyezi yachikasu, yonga imene Ayuda ankakakamizidwa kuvala m'nthawi ya Hitler, atalembapo kuti sanabayitse katemera, ngati kuti lamulo la zaumoyo likufanana ndi kuphedwa kwa Ayuda 6 miliyoni m'nthawi imeneyo. Bungwe lolimbana ndi chidani pa Ayuda la Anti-Defamation League linawerenga nkhani 2,717 za chidani pa Ayuda ku America m'chaka cha 2021, chiwerengero chachikulu kuposa zaka zonse za m'mbuyo mwake. Ndinene mwachilungamo kuti si zonsezi zinachokera ku mliri, chifukwa nkhondo ya ku Gaza ya mu May chaka chimenecho inakweza kwambiri chiwerengerocho. Apanso cholakwika n'chomwecho, chakuti Myuda wa ku London kapena ku New York amalipitsidwa pa zochita za boma la Israel limene sakulilamulira.

Chidanichi sichinathere pa Ayuda. Anthu ochokera ku Asia ankamenyedwa m'misewu ya ku America, ndipo mu April 2020 anthu a ku Africa kuno anatulutsidwa m'nyumba za lendi ndi m'mahotela mumzinda wa Guangzhou ku China, ena mpaka kugona panja, ponenedwa kuti ndi amene akufalitsa matendawo. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ifenso sitinaiwale za anamapopa m'chaka cha 2017 ku Mulanje ndi Phalombe, pamene anthu osalakwa anaphedwa chifukwa cha mphekesera imene aliyense ankati wamva kwa munthu wodalirika.

Mwafunsanso zimene anthu anachita. Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi nkhani ya ku New Rochelle, pafupi ndi New York, kumene matendawa anafala msanga pakati pa anthu a sunagoge wina mu March 2020. Anthuwo ankalozedwa chala, koma atachira ambiri a iwo, pamodzi ndi Ayuda a m'madera ena a New York, anaima pamizere kukapereka madzi a m'magazi awo kuti madokotala ayesere kuthandiza nawo odwala ena, osasankha chipembedzo. Ku Britain bungwe loteteza Ayuda la Community Security Trust limalemba nkhani iliyonse ya chipongwe, ngakhale yooneka yaing'ono, chifukwa popanda kaundula akuluakulu a boma amangoti vutolo ndi lochepa. Mzinda wa Munich unaletsa kuvala nyenyezi ija pa zionetsero m'chaka cha 2020, Facebook inaletsa mauthenga okana kuti chipululutso cha Ayuda cha m'nthawi ya Hitler chinachitikadi mu October chaka chomwecho, ndipo European Union inakhazikitsa ndondomeko yolimbana ndi chidanichi mu October 2021. Malamulowa ndi othandiza, koma salowa m'gulu la WhatsApp la amayi makumi atatu odziwana, kumene uthenga umakhulupiriridwa chifukwa cha ulemu wa amene wautumiza.

Choncho malangizo anga ndi akuti musawachititse manyazi mayi achikulirewo pagulu, popeza n'kutheka kuti anatumiza chifukwa cha mantha, poganiza kuti akuchenjeza anzawo. Aimbireni foni kapena kachezeni nawo kunyumba, muwafotokozere za Strasbourg ndi za katemera wochokera ku India, ndipo muwafunse mwaulemu ngati akudziwa amene analemba uthengawo poyambirira. Koma pagulupo pasakhalenso chete, chifukwa amayi ena aja anawerenga ndipo ena autumiza kale kwina. Ndi bwino kuti mayiwo akhale oyamba kulemba kuti uthenga uja sunali woona, ndipo ngati sangathe, lembani inuyo monga mlembi m'mizere iwiri kapena itatu, osatchula dzina la munthu. Kenako mukapemphe abusa kuti adzanenepo pa msonkhano wa amayi wa Lachinayi likubwerali.